Kugwiritsa ntchito loya pa mlandu wa ngozi: mmene zikuonekera patatha miyezi 10

Miyezi 10 yapitayo tinalangiza anthu ovulala pa ngozi za pamsewu wa M1, kuchokera ku Thabwa kudutsa Nchalo, Ngabu, Bangula mpaka ku Nsanje, kuti asamalandire ndalama ya m'manja kwa mwini galimoto koma apeze loya. Malangizowo akadali abwino, koma nthawi yaonetsa pomwe njirayi imathandiza ndi pomwe imagwetsa ulesi.

Loya amapindulitsa kwambiri ngati galimoto yomwe inakugundani ili ndi inshuwalansi. Lamulo la Road Traffic Act limakakamiza galimoto iliyonse kukhala ndi inshuwalansi yoteteza anthu ena, ndipo limalola wovulala kusumira kampani ya inshuwalansiyo pamodzi ndi dalaivala. Kampaniyo imalipira mpaka pa malire olembedwa mu policy (mgwirizano wa inshuwalansiyo) basi. Chotsalacho mumakachifuna kwa mwini galimoto. Vuto lalikulu kuno ku Chigwa cha Shire ndi njinga zamoto za kabaza. Zambiri zilibe inshuwalansi, ndiye ngakhale khoti likukomereni, mumatsala ndi chigamulo cha papepala pomwe wokugundaniyo alibe katundu woti nkulanda. Loya woona mtima amanena zimenezi tsiku loyamba lomwe.

Mlandu umalimba kapena kufooka m'masabata oyambirira, loya asanaugwire nkomwe. Pamafunika lipoti la apolisi lokhala ndi nambala ya galimoto, dzina la dalaivala, kampani ya inshuwalansi ndi nambala ya chiphaso chake. Pamafunikanso lipoti la kuchipatala, ndipo apa mpomwe ambiri amaluzira ndalama. Lipoti lolembedwa mwendo ukadali m'chikhakha limangoti fupa linathyoka. Silinena kuti mwendo wafupika, bondo silikupindika, kapena kuti munthuyo sangathenso kudula nzimbe, kupalasa bwato kapena kulima ku dimba. Lipoti lomaliza, lonena kuti kulumala kosatha ndi maperesenti angati, lilembedwe dokotala ataona kuti bala lapola. Ngati munatumizidwa ku Queens kuchokera ku chipatala cha Chikwawa kapena cha Nsanje, sungani mapepala a mbali zonse ziwiri, zithunzi za X-ray ndi buku la kuchipatala. Malisiti a mankhwala, thiransipoti ndi malipoti omwewo musataye ngakhale limodzi, chifukwa ndalama yomwe munawononga khoti limabweza yokhayo yomwe ili ndi umboni. (M'nyengo ya madzi osefukira, mapepalawa akhale m'jumbo, ndipo ajambulidwe pafoni.)

Chipukuta misozi chimawerengedwa m'zigawo: ululu ndi kuzunzika, kulephera kuchita zomwe munkachita kale, zipsera kapena kupunduka, ndi kuchepa kwa mphamvu zopezera ndalama. Mlimi kapena wogulitsa nsomba alibe payslip, choncho kabuku ka malonda kapena malisiti ogulitsira thonje amathandiza. Ngati nanunso munalakwitsa, monga kukwera atatu panjinga imodzi kapena kusavala chipewa chodzitetezera, ndalama imatha kudulidwa.

Kuchedwa kokha ndi kwenikweni. Milandu ikuluikulu imapita ku High Court ku Blantyre, ndipo malamulo a khotili a 2017 amafuna kuti mbali ziwiri ziyambe zayesa kugwirizana pamaso pa jaji. Zikakanika mlandu umazengedwa, kenako pamakhala tsiku lina loti registrar, mkulu wina wa kukhoti, awerengere ndalama ya chipukuta misozi. Miyezi 10 ikhoza kutha musanaone tambala. Komabe musazengereze kukasuma: malire a milandu ya kuvulala ndi zaka 3, ndipo mboni zimasamuka, choncho chaka choyamba chisathe. Wovulalira pantchito ali ndi njira ina, ya Workers' Compensation Act, yoyambira ku ofesi ya zantchito ya m'boma lake.

Chomwe chimatiwawa kwambiri ndi madobadoba omwe amazungulira m'mawodi nkumasainitsa odwala mapepala osawawerengera. Loya weniweni amakhala ndi digiri ya malamulo, analandiridwa ndi High Court, ndipo ali ndi laisensi yomwe imakonzedwanso chaka ndi chaka. Mukhoza kufunsa ku Malawi Law Society, bungwe la maloya, ngati dzina lake lilipo. Kumanani naye maso ndi maso, osati kudzera mwa "mnyamata wake". Mgwirizano wa malipiro ulembedwe musanayambe, ndipo kope limodzi likhale lanu. Funsani nambala ya mlandu wanu kukhoti. Ndalama ikatuluka, pemphani kuona chigamulo kapena kalata ya kampani ya inshuwalansi yosonyeza ndalama yonse, ndi pepala lofotokoza chilichonse chomwe chadulidwa. Akakana, kadandauleni ku Malawi Law Society. Amene sangakwanitse loya wolipira ayambe wafunsa ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza osowa pa milandu, atanyamula lipoti la apolisi ndi la kuchipatala.