Ndemanga: katswiri wa ku Matawale amene anatikonzera webusaiti yochedwa mwa apo ndi apo

Ndikumupatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu, ndipo imodzi ndamuchotserayo ndinena chifukwa chake.

Tili ndi malo ogona alendo m'munsi mwa phiri la Zomba. Alendo ambiri, makamaka okwera ku Ku Chawe komanso makolo obwera kumwambo wa ana awo omaliza maphunziro ku Chanco, amasungitsa chipinda kudzera pa webusaiti. Nthawi zambiri tsamba linkatseguka pompopompo, koma mwa apo ndi apo linkangozungulira mpaka munthu kutopa n'kutseka. Ukaitana wina kuti adzaone, lili bwinobwino. Kampani yomwe imatisungira webusaiti inkangoti vuto ndi netiweki yathu.

Mnyamatayu sanathamangire kukonza chilichonse, ndipo apa ndi pamene anandigwira mtima. Anayamba walembetsa webusaiti pa UptimeRobot, yomwe mwaulere imayesa tsamba mphindi 5 zilizonse n'kumalemba nthawi imene seva (kompyuta yosunga webusaitiyo) yatenga kuti iyankhe. Kenako anati tidikire kaye. Zotsatira zitachuluka, panaoneka zinthu ziwiri. Kuchedwako kunkaonekanso poyesa kuchokera kunja kwa dziko, ndiye kuti netiweki ya kuno inalibe mlandu. Komanso kunkabwera cha m'maola omwewomwewo tsiku lililonse.

Atafananiza maolawo ndi zolemba za pa seva, anapeza kuti wotipweteka ndi plugin (kapulogalamu koonjezera pa webusaiti) yosunga backup, kutanthauza kope la zonse za pa webusaitiyo. Webusaiti yathu inapangidwa ndi pulogalamu ya WordPress, ndipo ntchito zoikidwa pa nthawi, monga backup, zimadzutsidwa ndi mbali yake yotchedwa WP-Cron munthu akatsegula tsamba. Tsono ife tili pa shared hosting, seva imodzi ya anthu ambiri, aliyense ndi malire ake a mphamvu. Backup ikayamba kumanga mtolo wa zithunzi zonse ndi database (nkhokwe ya zolemba za pa webusaiti), tinkagunda malirewo, ndipo mlendo wofika nthawi imeneyo ankaima pamzere ngati kuchigayo. Panalinso ma bot (mapulogalamu odziyendera okha) omwe ankagogoda pa wp-login.php, tsamba lolowera eni webusaiti, kuyesa mapasiwedi, n'kumadya mphamvu yotsalayo.

Anasamutsira backup ku cron ya seva, yomwe imadzutsa ntchito pa nthawi yake osadikira mlendo, kuti izichitika 3 koloko m'bandakucha, anaika cache (yosunga masamba okonzeratu kuti azitseguka msanga), analumikiza Cloudflare yaulere (yothandiza kusefa ma bot ndi kupeputsira seva ntchito) ndipo anachepetsa maulendo oyesera pasiwedi. Zithunzi zathu za pa foni, zina za 4 MB chimodzi, anazichepetsa kukhala WebP (mtundu wa zithunzi zopepuka), ngakhale ananena poyera kuti zimenezo sizinali gwero la vutoli, kungoti zimathera alendo bandulo. Wina akanatigulitsa hosting yodula. Iye anati yomwe tili nayo ikukwanira.

Nyenyezi ija yapita chifukwa cha kulumikizana. Pa WhatsApp amayankha mochedwa, nthawi zina mpaka mawa lake, ndipo akayamba kufotokoza amaiwala kuti ena ife ntchito yathu ndi yoyala mabedi. Ndinachita kumuuza kuti, "Achimwene, tabwerezani m'Chichewa." Lipoti la zimene anasintha anatumiza titakumbutsa kangapo, chikhalirecho ndi lofunika kwambiri tsiku lomwe wina adzagwire webusaitiyi.

Mtengo wake sunali wotsika, koma tinagwirizana theka poyamba, theka ntchito ikaoneka. Chikonzereni, UptimeRobot ija tinaisiya ikuyesabe ndipo kuchedwa kuja sikunaonekenso. Mukamulemba ntchito, za lipotilo mugwirizane musanatumize ndalama yomaliza.