Ndemanga: tinachita haya Plymouth Road Runner ya 1968 kwa tsiku limodzi, nyenyezi 4 pa 5

Nyenyezi imodzi ndachotsayo si chifukwa cha galimoto ayi, ndi anthu obwereketsawo, nkhani yawo ndifika kumunsiko. Galimotoyo payokha ndilibe nayo mlandu.

Ine ndimakhala ku Michigan kuno ndipo mu August kunabwera alamu anga kudzacheza. Iwowa ndi makaniko, moyo wawo wonse akhala ali chagada pansi pa maminibasi, ndiye ndinati bwanji ndiwalawitse chinthu choti kumudzi sangachione. Mwamwayi inali sabata ya Woodward Dream Cruise, lija Loweruka lachitatu la August lomwe magalimoto akale amadzaza msewu wa Woodward Avenue kufupi ndi Detroit. Ndinapeza kakampani kena kobwereketsa magalimoto amakedzana nkusankha Road Runner ya 1968, ya magiya anayi osintha ndi dzanja.

Titatsegula chitseko alamu anangoti kukamwa yasa. Mpando wakutsogolo ndi umodzi wautali ngati benchi ya mtchalitchi, pansi palibe kapeti koma labala basi, mawindo akumbuyo satsika, umangowakankhira kunja pang'ono. Akuti "alamu, ndalama zonse zija mwalipirira zimenezi? mkatimu bola Hiace". Ine ndati musafulumire, tatsegulani boneti. Atatsegula anakhala chete kanthawi ndithu, kenako anangoti eeh.

Nzeru yonse ya galimotoyi ili pamenepo. Fashoni yoika injini yaikulu mu galimoto yapakatikati inatchuka ndi Pontiac GTO mu 1964, koma pofika 1967 magalimoto amtunduwu anali atadzaza zokongoletsa, mitengo nkukwera, anyamata ogwira ntchito mmafakitale omwe ankawafuna kwambiri aja osawakwanitsanso. A Plymouth, omwe anali nthambi ya Chrysler, anali kale ndi GTX ya anthu opata. Ndiye anatenga bodi ya Belvedere, mtundu womwe ankayendera apolisi ndi a matakisi, nkuchotsa chilichonse chosathandiza kuthamanga, ndalama yonse nkuiponya ku injini. Anaikamo V8 ya 383, pa malita ndi 6.3, ma horsepower 335, ma head ndi camshaft atabwereka ku injini yaikulu ya 440. Cholinga chinali choti mtengo usafike madola 3,000 koma ithe kota ya mailosi mmasekondi 14. Ankaganiza kuti agulitsa zochepa, koma chaka choyamba chokha zinapita pafupifupi 45,000, ndipo mu 1969 zinapitirira 80,000 mpaka magazini ya Motor Trend inaipatsa ulemu wa galimoto ya chaka. A Dodge, abale awo a nyumba imodzi, nawo sanachedwe kutulutsa yawo Super Bee.

Chomwe chinawaseketsa alamu ndi hutala. Chigalimoto chonsechi, mawu a injini ngati chigayo cha dizilo, koma ukadina hutala kamangoti bip bip ngati kambalame ka mu katuni kaja kotchedwa Road Runner kamene kamathawa nkhandwe. Si zangozi ayi, a Plymouth analipira eni katuniyo a Warner Bros. madola 50,000 kuti agwiritse ntchito dzina ndi chithunzi cha kambalameko, ndipo stika yake ili pa zitseko, pa ya 1968 ndi yakuda ndi yoyera, yamitundu inabwera chaka chotsatira. Alamu anaidina hutalayo pa loboti iliyonse mpaka ndinachita kuwagwira dzanja kuti alamu chonde apolisi akuno sapempha ya fanta.

Kuyendetsa kwake nde ntchito amwene. Kilatchi ndi yolimba ngati ukuponda mwala, ndipo pa Woodward tsiku limenelo magalimoto amayenda ngati ulendo wa kumanda, ima nyamuka ima nyamuka, pofika masana mwendo wamanzere unali ukunjenjemera wokha. Yathuyi inalibe power steering ndiye pokhota pamalo othina umachita kupinda malaya. Mabuleki ndi a drum matayala onse anayi, ukafuna kuima pa loboti uyambiretu kuganiza uli kutali. AC kulibe, kutentha kwa injini kumalowa mkati kudzera kumapazi, fungo la petulo ndi mipando ya vinilo yomata kumsana. Koma madzulo titachoka pagulu nkupeza msewu wopanda anthu ndinaponda pa giya yachiwiri, abale inu, kutsogolo kunadzuka, msana unamatirira ku benchi ija, matayala akumbuyo analira, alamu omwe samachita mantha ndi chitsulo chilichonse anagwira dashibodi ndi manja awiri uku akukuwa kuti bwerezani bwerezani. Galimoto zatsopano zambiri zitha kuisiya iyi kumbuyo, zimenezo sindikukana, koma sizikuuza mthupi kuti ukuthamanga ngati mmene imachitira iyi.

Pamsewupo tinaonanso Superbird, mng'ono wake wa Road Runner wa 1970 wa mphuno yosongoka ndi chiphiko chachitali kumbuyo, yomwe anaipangira mpikisano wa magalimoto wa NASCAR ndipo ndi imene inabwezeretsa dalaivala wotchuka Richard Petty ku Plymouth atapita ku Ford. Alamu anati chiphikocho mpoyanika zovala. Mkulu wina anatitsegulira boneti ya yake ya 426 Hemi, ma horsepower 425, makabuleta awiri, injini yomwe mu 1968 umawonjezera madola 714 kuti akuikire, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mtengo wa galimoto yonse, nchifukwa chake ambiri ankangotenga ya 383 ngati yathuyi. Chisangalalo chimenechi sichinakhalitse. A inshuwalansi anakweza mitengo kwa achinyamata oyendetsa magalimoto oterewa, malamulo a utsi anabwera, Hemi inathera mu 1971, kenako vuto la mafuta la 1973 linadzamaliza. Dzina la Road Runner linapitirira mpaka 1980 koma kumapetoko linali la zokongoletsa chabe pa Plymouth Volaré, ndipo Plymouth yeniyeniyo inatsekedwa mu 2001.

Tsopano za obwereketsa aja. Choyamba geji ya mafuta inali yakufa ndipo sanatiuze. Singano inangoima pa hafu tsiku lonse, ine nkumati koma galimotoyi anthu amangoinamizira kuti ndi chidakwa, mpaka inatsokomola kawiri nkuzima tili pakati pa msewu. Tinaikankha anthu awiri, ndipo chitsulo chimenechi sichopepuka, anthu akujambula pa foni. Alamu ndi amene anazindikira msanga, anagogoda thanki nkumva kuti mulibe kanthu, ndiye titagula petulo wa mchigubu anachotsa air cleaner nkudonthezera pang'ono mu kabuleta, kamodzi nkamodzi inalira. Imafunanso petulo wodula uja wa premium ndipo imamwa mosaona nkhope. Nditawaimbira foni eni ake anangoti aaa inde timadziwa, timauza anthu kuti azithira pafupipafupi. Ine sanandiuze. Chachiwiri pa pepala losaina panali malire a mailosi olembedwa ting'onoting'ono kumunsi, tinapitirira ndipo anadula pa dipoziti, yotsalayo inatenga masabata awiri kuti ibwere nditachita kuimba kangapo.

Mtengo wa haya nawo unandiwawa, tsiku limodzi lokha ndinasiya malipiro a masiku angapo, pa galimoto yomwe anaipangira dala anthu a mthumba mochepa ngati ine. Kugula nde musalote, makamaka ya Hemi.

Mukafuna kuyesa, funsani ngati mageji onse akugwira, werengani pepala mpaka pansi, thirani fulu thanki musananyamuke ndipo ngati simunazolowere kusintha giya ndi dzanja lamanja funsani ya otomatiki, zinalipo za TorqueFlite. Alamu anabwerera kumudzi ndi vidiyo ya injini ikulira, akuti ku galaja anyamata aionera mpaka foni kutha moto, ndipo dzulo anditumizira uthenga kufunsa ngati hutala ija imapezeka payokha, akufuna aike pa minibasi.