Ulendo wa tsiku limodzi pa sitima kuchoka ku London kupita ku Cambridge

Kwa munthu amene akukhala ku London, kapena amene wafikako kudzacheza kwa achibale, ulendo wa pa sitima wopita ku Cambridge ndi wotheka kuuyamba atadya kadzutsa n'kubwerako usiku usanakule, ndipo ine ndikuulimbikitsa ndi mtima wonse. Komabe ndiyenera kunena poyambirira kuti amene angapite ndi maganizo oti akafika pa chipata chimodzi chachikulu cholembedwa dzina la yunivesite, n'kulowa kukaona zonse, adzakhumudwa. Yunivesite ya Cambridge ilibe mpanda umodzi. Ili ndi makoleji 31 amene anamwazikana mumzinda wonse, koleji iliyonse ndi chipata chake, malamulo ake ndi alonda ake, kotero kuti tsiku limodzi limakwanira pokhapokha mlendo atasankhiratu zinthu zochepa zoti aone n'kuvomera mumtima kuti zina azisiya.

Mbali ya sitima ndi imene ili yosavuta pa ulendo wonsewu. Sitima za Great Northern zonyamuka pa siteshoni ya King's Cross, zimene siziima panjira, zimatenga pafupifupi mphindi 50 kuyenda mtunda wa makilomita pafupifupi 90. Palinso za Greater Anglia zonyamuka pa Liverpool Street, zimene zimaima m'malo ambiri n'kutenga nthawi yopitirira ola limodzi, koma kawirikawiri tikiti yake imatsikirako mtengo, choncho banja la anthu angapo lingachite bwino kuziganizira. Khadi la Oyster, limene anthu a ku London amayendera tsiku ndi tsiku, siligwira ntchito mpaka ku Cambridge, ndipo njira yabwino ndi kugula tikiti yopita ndi kubwerera tsiku lomwelo, yoyendera nthawi imene piringupiringu wa anthu othamangira kuntchito watha. Pa King's Cross nambala ya pulatifomu imaonekera kutatsala nthawi yochepa kuti sitima inyamuke, ndipo mudzaona khamu la anthu litaimirira, maso onse ali m'mwamba pa chikwangwani, kenaka onse n'kunyamuka nthawi imodzi. Mipando saisungitsiratu, ndiye amene akufuna wa pawindo ayende msanga ndipo apitirire mpaka mabogi akutsogolo, chifukwa ambiri amathamangira khomo loyamba limene alipeza.

Njira yake si yodabwitsa kwenikweni, kupatula pamene sitima ikudutsa pa mlatho wautali wa njerwa wa ku Welwyn, womangidwa mu 1850, pomwe chigwa chonse chimaonekera pansi. Ikapatuka pa Hitchin dziko limayamba kuyalana, ndipo chimene chatsala ndi minda ya tirigu yopanda phiri ngakhale limodzi. Chofunika kusamala ndi potsikira. Sitima zina zimapitirira mpaka ku Ely ndi ku King's Lynn, ndipo pali siteshoni ina yotchedwa Cambridge North, yotsegulidwa mu 2017, imene ili kutali ndi makoleji akale.

Chofooka chachikulu cha ulendowu chimayamba munthu akangotsika. Siteshoni ya Cambridge inatsegulidwa mu 1845 kunja kwa mzinda wakale, ndipo mpaka lero pali mtunda wa pafupifupi makilomita awiri kuti mufike pakati pa makoleji. Wathanzi amayenda mphindi 25 kudzera Station Road, Hills Road ndi Regent Street, msewu wa masitolo ndi maofesi umene sukuonetsa chilichonse cha ulemerero umene munthu wabwerera. Amene ali ndi makolo okalamba kapena ana aang'ono akwere basi pakhomo pa siteshoni, asunge mphamvu za miyendo, chifukwa m'kati mwa mzinda muli kuyenda kwambiri pa misewu ya miyala. Asamalenso ndi njinga zakapalasa. Malo osungira njinga pa siteshoni pokha amakwana pafupifupi 3,000, ndipo ophunzira amazipalasa mwaliwiro m'tinjira topapatiza, popanda phokoso lililonse lochenjeza.

Yunivesiteyi inayamba mu 1209 pamene ophunzira ena anathawa ku Oxford atayambana ndi anthu a mumzindawo, ndipo koleji yakale kwambiri, Peterhouse, ndi ya mu 1284. Koma ngati pali malo amodzi oyenera kulipira polowa, ndi tchalitchi cha King's College. Mfumu Henry VI inakhazikitsa kolejiyi mu 1441, ntchito yomanga tchalitchi inayamba mu 1446, ndipo denga lake linatha mu 1515, mafumu angapo atasinthana pampando. Denga limenelo ndi la miyala yokhayokha, yosemedwa mizeremizere yotambasuka kuchokera m'makoma, ndipo palibe mzati ngakhale umodzi pakati umene ukulichirikiza. Ndinaona anthu olowa akulankhula mokweza akungoti zii atatukula mitu. Mawindo ake aataliatali ndi a magalasi amitundumitundu ofotokoza nkhani za m'Baibulo, ndipo kuguwa kuli chithunzi cha anzeru a kum'mawa chojambulidwa ndi katswiri wojambula zithunzi Rubens. M'tchalitchi chomwechi ndi mmene BBC yakhala ikuulutsira mapemphero a nyimbo za Khirisimasi kuyambira mu 1928.

Kwa ife ochokera ku Malawi, nyumba yofunika kwambiri ili pafupi pomwepo, ndipo alendo ambiri amaidutsa osaiyang'ana. Ndi Senate House, nyumba yoyera ya zipilala imene inamalizidwa mu 1730, momwe ophunzira amalandirira madigiri awo. M'nyumba imeneyi, pa 4 Disembala 1857, David Livingstone analankhula kwa ophunzira ndi aphunzitsi, n'kuwapempha kuti apitirize ntchito imene iye anayamba yotsegula njira ya malonda ndi Chikhristu mu Africa pofuna kuthana ndi malonda a akapolo. Pempho limenelo ndi limene linabala bungwe la amishonale la UMCA (Universities' Mission to Central Africa), lophatikiza mayunivesite a Cambridge, Oxford, Durham ndi Dublin. Mtsogoleri wake woyamba, Bishopu Charles Mackenzie, anali katswiri wa masamu wa ku koleji ya Gonville and Caius, imene yangolekana ndi Senate House ndi kanjira kakang'ono. Iye anafika ku Magomero mu 1861, ndipo anamwalira ndi malungo mu Januwale 1862 kufupi ndi pamene mtsinje wa Ruo umathira mu Shire. Mpingo wa Anglican wa kwathu, pamodzi ndi tchalitchi chachikulu cha St Peter's pa chilumba cha Likoma, muzu wake uli pa malo amenewa. Munthu akhoza kukhala ndi maganizo ake pa zimene zinatsatira kubwera kwa amishonale, monga ulamuliro wa atsamunda, ndipo maganizo amenewo ndi oyenera kuwaganizira ataima pomwepo. Chimene chimandipweteka n'chakuti nyumbayi nthawi zambiri satsegulira alendo, ndiye munthu amangoionera kunja kwa mpanda wachitsulo. Otsogolera alendo amene ndinawamvera anafotokoza zambiri za wasayansi Isaac Newton ndi za miyambo ya tsiku lolandira madigiri, koma za Livingstone sanatchuleko, choncho kholo limene likupita ndi ana liwerengeretu nkhaniyi kuti likawafotokozere lokha.

Za kuyenda pa bwato mu mtsinje wa Cam ndili nazo maganizo awiri. Mabwato ake ndi aphwatalala pansi, ndipo amawakankha ndi mtengo wautali wofika pansi pa madzi, monga amachitira asodzi a pa nyanja ya Chilwa. Ubwino wake ndi wakuti mtsinjewu umadutsa kuseri kwa makoleji, ndiye pa mphindi 45 munthu amaona King's, Clare, Trinity ndi St John's, mlatho wamatabwa wa ku Queens' ndi mlatho wofoleredwa wa mu 1831 wa ku St John's, popanda kulipira pa chipata chilichonse. Kwa amene ali ndi tsiku limodzi lokha, imeneyi ndi njira yachidule yoonera zambiri. Koma mtengo wake ndi wokwera, ndipo masana a Loweruka m'chilimwe mabwato amachuluka mpaka kumagundana pansi pa milatho. Ndi bwino kukwera m'mawa, ndiponso kulipira pa madoko odziwika a ku Mill Lane kapena Quayside, osati kwa anyamata okuimitsani mumsewu, chifukwa ena mwa iwo alibe chilolezo.

Pali zinthu zina zimene sizifuna nthawi yambiri. Wotchi ya golide ya ku koleji ya Corpus Christi, imene wasayansi Stephen Hawking anaitsegulira mu 2008, ili ndi chiwala chachitsulo pamwamba pake ndipo imaonedwa ulere kuchokera mumsewu, ngakhale kuti pamakhala chikhamu cha ojambula. Pafupi pomwepo pali malo omwera otchedwa The Eagle, momwe asayansi Francis Crick ndi James Watson ankakambirana za kapangidwe ka DNA, imene imasunga chibadwa cha zamoyo, mu 1953. Mtengo wa apulo umene uli pakhomo pa Trinity College ndi mphukira ya mtengo wa kwawo kwa Newton, ndipo ndi waung'ono kuposa mmene ambiri amayembekezera. Nyumba yosungira zinthu zakale ya Fitzwilliam ndi yolowa ulere, koma Lolemba imakhala yotseka. Chakudya chamasana chotsika mtengo chimapezeka pa msika wa pakati pa mzinda, kuseri kwa tchalitchi cha Great St Mary's, chimene nsanja yake ili ndi masitepe 123 kwa ofuna kuona madenga onse ali pamwamba.

Nyengo yopitira ndi yofunika kuiganizira musanagule tikiti. Kuyambira chakumapeto kwa Epulo mpaka pakati pa Juni ndi nthawi ya mayeso, ndipo makoleji ambiri amatseka zipata zawo kwa alendo, zomwe ndi zomveka chifukwa malowa ndi sukulu ndi nyumba za anthu. Ngakhale pamene atsegula, kapinga wa m'mabwalo saloledwa kupondedwa, ndipo alonda sanyengerera pa lamulo limeneli. Koma kupita nthawi ya tchuthi kulinso ndi kuipa kwake, chifukwa mapemphero a madzulo a kwaya ya King's College amachitika m'kati mwa teremu basi. Mapemphero amenewa amayamba cha m'ma 5:30 madzulo masiku ambiri a sabata, salipiritsa, ndipo aliyense amalandiridwa malinga wafika msanga pamzere ndipo wazimitsa foni yake. Ine ndinganene kuti miyezi ya Okutobala ndi Novembala, kapena Febuluwale, ndiyo yabwino kwa munthu amene akufuna kupeza zipata zotsegula ndi kumva kwayayi, bola avale zofunda mokwanira chifukwa mphepo ya m'chigwa chimenechi imalowa m'mafupa. Mapemphero akatha nthawi imakhalapo yokwanira kubwerera ku siteshoni, popeza sitima zopita ku London zimayenda mpaka usiku, koma amene akupita Lamlungu ayang'aniretu ndondomeko ya maulendo, chifukwa ndilo tsiku limene amakonda kukonza njanji n'kuika mabasi m'malo mwa sitima pa gawo lina la njira.