Pa galimoto foni iyi imalondola njira bwino, koma ukatsika kuyenda wapansi ndi nkhani ina

Foni imene ndinagula ndaipatsa nyenyezi zitatu pa zisanu, ndipo ndifotokoze bwinobwino chifukwa ambiri amene anenapo za foni iyi akungokamba za kamera ndi magemu basi, za mapu palibe wazitchula. Ine ndinaigulira mapu omwewo. Ntchito yanga ndi yoyendayenda, kasitomala amangoponya lokeshoni pa WhatsApp n'kuti "tikudikira", nde iwe uone wekha mmene ukafikire, pena pa galimoto, pena wapansi ukaimika galimoto patali. Ndakhala nayo miyezi ingapo tsopano. Ukakhala pa chiwongolero foni iyi imathandiza kwabasi, koma ukangotsika n'kuyamba kuyenda ndi miyendo imatha kukusiya pamphambano uli kakasi.

Ndiyambe ndi zimene yandisangalatsa. GPS yake imagwira msanga, ukatsegula Google Maps uli panja kadontho kabuluu kaja kamakhazikika usanamalize n'komwe kumanga lamba. Foni yanga yakale inkafuna ndiitulutse pawindo kaye, iyi ayi. Ndinaikamo ka apu kotchedwa GPSTest kuti ndione chikuchitika n'chiyani mkatimo, nde ndinapeza kuti sikumva masetilaiti a GPS a ku America okha, ikugwiranso GLONASS ya ku Russia, Galileo ya ku Ulaya ndi BeiDou ya ku China. Foni imafunika kumva masetilaiti osachepera 4 kuti idziwe pamene ili, nde ikakhala ndi ambiri osankhapo, ena akabisika kuseri kwa phiri kapena kwa nyumba ena amakhala akuonekabe. Pamsewu wa poyera imakuika pamalo enieni, kusiyana kwake mwina mamita 5 basi, zomwe pa galimoto suzimva n'komwe poti apu imakokera kadontho kaja pamsewu umene uli pafupi.

Chinthu chimene anzanga ambiri samakhulupirira ndikawauza n'choti GPS siidya bandulo. Masetilaiti aja ali m'mwamba makilomita pafupifupi 20,200 ndipo amangoulutsa uthenga wa nthawi ndi malo amene ali, foni imangomvetsera n'kuwerengera yokha mtunda, siitumiza kalikonse kumwambako. Chimene chimadya data ndi chithunzi cha mapu chija, kuwerengera njira, komanso mitundu ija yofiira ndi yachikasu yosonyeza kuti kutsogolo magalimoto athithikana, imene imachokera ku mafoni a anthu ena amene ali pamsewu womwewo. Netiweki imathandizanso kuti foni ipeze masetilaiti mwachangu poyamba, n'chifukwa chake ukaiyatsa kumalo kopanda netiweki imachedwerapo pang'ono, koma imawapezabe. Nde ine ndimadawuniloda mapu a dera lonse limene ndimayendamo ndili pa Wi-Fi, ndipo pa foni iyi malo osungira ndi okwanira, sindinafufute zithunzi kuti mapu alowe. Ndadutsa nayo m'misewu ina yoti netiweki yazimiratu, timizere tonse tapita, koma mayi wolankhula mu apu ya mapu uja amangoyankhulabe kuti khotera kumanja, osadodoma. Apapa ndiye ndaiyamikira zedi. Chongokumbukira n'choti mapu odawuniloda amakhala ndi nthawi yake yotha, amafuna kuwatsitsimutsa, ndipo alibe zosonyeza kuchuluka kwa magalimoto.

Sipika yake ndi yofuula mokwanira, ngakhale mawindo ali otsegula umamva. Ndikailumikiza pa Bluetooth ya m'galimoto mawu amachedwa pang'ono, liwu loyamba limadulidwa, umangomva "...manzere" basi, koma muma setting a apu muli poti ungazimitse zotumiza mawu ku Bluetooth kuti azitulukira pa foni pomwe, ndinatero ndipo zinatheka. Sikirini ndi yaikulu, pa raundabauti umaona bwino kuti utulukire njira yachingati. Dzuwa likaomba molunjika ndiye imazilala, umachita kutsinzinira, ngakhale kuwala utakukweza mpaka kumapeto.

Pa kutentha pokha ndiye pali vuto. Mapu amagwiritsa ntchito zinthu zambiri nthawi imodzi, sikirini yoyaka osazima, GPS, data, sipika, nde uwonjezerepo tchaja ndi dzuwa lodzera pa galasi lakutsogolo, foni imafika poti ukaigwira umaibweza msanga. Makampani a mafoni amanena okha kuti mafoni sakonda kugwira ntchito kutentha kukapitirira madigiri 35, ndipo pa dashibodi masana pamadutsa pamenepo mosavuta. Iyi ikatentha imadzichepetsera yokha kuwala, kenako imasiya kutchaja, kenako mapu amayamba kuyenda modukiza, iwe wakhota kale kadontho kakadali kumbuyo. Chimene chandithandiza ndi kuchotsa choikira foni chomata pa galasi n'kugula chija chopanikiza pa timabowo totulukira mphepo, kuti mpweya wozizira uziiomba kumbuyo, komanso kuivula kava paulendo wautali. Kuyambira pamenepo siinavutenso. Batire ilibe mlandu, ndi yaikulu, koma musadalire ka USB kakale ka pa wailesi ya galimoto kaja, kamapereka mphamvu yochepa moti mapu akuyenda peresenti imatsikabe uku chikuonetsa kuti ikutchaja. Pezani tchaja yeniyeni yolowetsa poyatsira ndudu paja.

Ndipo chonde, pezani choikira. Zogwira foni kumanja chiwongolero kumanzere zija n'zoopsa, m'mayiko ambiri ndi mlandu, komanso mutu ukaweramira pa sikirini kwa masekondi awiri okha pa liwiro la makilomita 100 pa ola galimoto imakhala yayenda mamita opitirira 50 iwe osaona kutsogolo.

China chimene chinandisowetsa mtendere masiku oyamba ndi chakuti foni iyi imakonda kupha ma apu amene ali kumbuyo. Kasitomala akaimba kufunsa kuti wafika pati, ukamaliza kuyankhula n'kubwerera ku mapu umapeza ulendo wonse wafufutika, uyambirenso kulemba, uli pakati pa msewu. Ndi zija zosungira batire zimene anaikamo zokhwima kwambiri, kuphatikizapo RAM yake yocheperako, malo amene foni imasungira ma apu otsegula. Ndinalowa muma setting a batire n'kuuza foni kuti apu ya mapu isamaikhudze, ndipo zachepa kwambiri, ngakhale pena zimachitikabe ndikatsegula nyimbo, WhatsApp ndi mapu nthawi imodzi. Waze, apu ina ya mapu, ndinaiyesanso, imayenda, kungoti foni imatentha msanga kuposa, nde ndimaitsegula pokhapokha ndikufuna kudziwa za ngozi kapena msewu wotsekedwa zimene madalaivala ena alemba.

Tsopano nkhani imene yachotsa nyenyezi ziwiri zija. Foni iyi ilibe kampasi. Mkati mwa mafoni ambiri mumakhala kachipangizo kakang'ono komva maginito a dziko lapansi, ndi kamene kamauza foni kuti yaloza kumpoto kapena kummwera ngakhale iwe utangoima chiimire. Mu iyi anakachotsa, mwina pofuna kutsitsa mtengo, ndipo pa bokosi sanalembe paliponse, wogulitsa naye sananene, anangoti "GPS ilimo bwana". Inde ilimo, koma GPS imangodziwa pamene uli, siidziwa kumene nkhope yako yayang'ana. Pa galimoto sizioneka chifukwa ukuthamanga, foni imaona kuti sekondi yapitayo unali apo pano uli apa, nde imadziwa kumene ukulowera. Wapansi umayenda pang'onopang'ono, umaima, umatembenuka, ndipo kayendedwe kako kamasowa mkati mwa mamita 5 olakwika aja.

Ndiye zimakhala chonchi, watuluka m'nyumba yaikulu kapena watsika basi pamalo osawadziwa, mapu akuti lowera kumpoto mamita 200 kenako ukhote. Kumpoto ndi kuti? Pa foni ya mnzako kamuvi kamatembenuka iye akatembenuka, pa iyi kadontho kamangokhala phee, utembenuke kangati kaya. Umayenera kungosankha mbali imodzi n'kuyamba kuyenda, ukayenda kamtunda ndithu m'pamene kadontho kamasuntha n'kukuonetsa kuti walowera kolakwika, ubwerere, anthu amene unawadutsa aja uwadutsenso akukuyang'ana. Ukakhala ndi katundu m'manja kapena kukugwa mvula ndiye zimapsetsa mtima zedi. Wina anandiuza kuti ndiziigwedeza m'malere mojambula nambala 8, eti imakonzeka. Njira imeneyo ndi yoona koma ndi yokonzera kampasi imene ilipo yasokonekera, apa palibe choti chikonzeke, ungogwedeza mpaka dzanja litope. Ubwino wake umodzi wokha, ndinene moseka, n'ngoti choikira foni cha maginito chija chimene ena amadandaula kuti chimasokoneza kampasi, kwa ine chilibe choti chisokoneze.

Google Maps ili ndi Live View, ija yoti umakweza foni kamera n'kuyang'ana nyumba zozungulira, kenako mivi ikuluikulu imaoneka pamsewu weniweni. Ikanathetsa vuto lonseli, koma imafuna foni yovomerezeka ndi ARCore, pulogalamu ya Google yoika zinthu ngati mivi ija pa chithunzi cha kamera, komanso dera limene lili ndi zithunzi za misewu za Google zotchedwa Street View, ndipo pa foni iyi batani lakelo silioneka n'komwe.

Pakati pa nyumba zitalizitali zinthu zimaipiraipira. Uthenga wa setilaiti umafika pansi pano uli wofooka kale, nde ukagunda makoma a magalasi n'kunjanja usanafike pa foni, foni imaganiza kuti mtunda ndi wautali kuposa mmene ulili, kadontho kamadumphira tsidya lina la msewu, pena mkati mwa nyumba ya eni, pena msewu wina wakuseri. Mafoni ena kuyambira 2018 amamva masiginolo awiri, L1 ndi L5, ndipo L5 imathandiza kusiyanitsa uthenga wolunjika ndi wonjanja uja. Iyi ndi ya L1 yokha, GPSTest inaonetsa poyera. Sindikuiimba mlandu kwambiri pa ichi chifukwa mafoni ambiri a gulu lake ali chomwecho, koma ukaphatikiza kudumphadumpha kumeneku ndi kusowa kwa kampasi, kupeza khomo lenileni la ofesi imene ukufuna kumasanduka ntchito. Kuyatsa Wi-Fi ngakhale usanalumikizidwe kulikonse kumathandizako, chifukwa foni imagwiritsanso ntchito ma Wi-Fi ozungulira kuti iyerekeze pamene ili.

Mmene ndikupangira panopa ndikamayenda wapansi, ndimasiya mapu ali ndi kumpoto m'mwamba osawazunguza, ndimawakulitsa mpaka mayina a misewu ndi a nyumba aoneke, kenako ndimayang'ana ndi maso anga kuti banki ija ili kudzanja liti, mphambano ili kuti, ndipo ndikatero ndimadziwa kolowera ndisanaponye phazi. Masana dzuwa limathandizanso, m'mawa lili kum'mawa madzulo kumadzulo, zachikale koma zimagwira. Ndinaikanso Organic Maps, imene imagwiritsa ntchito mapu a OpenStreetMap, chifukwa mapu odawuniloda a Google Maps amangopereka njira ya galimoto, ya wapansi imafuna intaneti, pomwe iyi imawerengera njira ya wapansi popanda data ndipo timanjira tachidule tambiri timaonekamo. Ndi yopepukanso, foni siitentha nayo. Koma kampasi siingabwere ndi apu, nayonso kamuvi kake kamadikira uyende kaye. Ndipo pena kufunsa munthu amene waima pafupi kumafulumira kuposa zonsezi.

Za mapu olakwika, monga kukulowetsa msewu wokumbika kapena woti unatsekedwa kalekale, sindikuziwerengera pa foni iyi, zimenezo zimachitika pa foni iliyonse chifukwa mapu amajambulidwa ndi anthu ndipo misewu imasintha. Chikwangwani cha pamsewu chikanena zina foni n'kunena zina, ine ndimamvera chikwangwani.

Ngati ndinu dalaivala, foni izikhala pa choikira tsiku lonse, itengeni, mungoikonzera za kutentha ndi za batire zija. Ngati mumayenda kwambiri wapansi m'mizinda yachilendo, kapena mumakonda kukwera mapiri ndi kuyenda m'nkhalango, onjezerani pang'ono mupeze ina. Musanalipire foni iliyonse pemphani kuti muiyese, tsegulani mapu, imani pamalo amodzi n'kutembenuka pang'onopang'ono foni ili chathyathyathya m'dzanja, muone ngati kamuvi kabuluu kakutembenuka nanu. Pa mndandanda wa zimene zili mu foni muyang'ane pa masensa ngati alembapo compass kapena magnetometer, akangotchula accelerometer ndi proximity zokha mudziwe kuti mulibe.