Kuchepetsa nayitrojeni ku Chesapeake Bay: suweji, minda kapena ma oyisitara?

Nyengo yotentha ikafika, madzi akuya a Chesapeake Bay, chigawo cha nyanja ya mchere cholowa kumtunda ku America, amatha okosijeni. Nayitrojeni ndi fosiforasi zochokera ku feteleza, zitosi za nkhuku ndi suweji zimachulukitsa ndere. Nderezo zikafa n'kumira, mabakiteriya oziwoletsa amamaliza mpweya, nsomba ndi nkhanu n'kuthawa. Mu 2010 bungwe la boma la America loona zachilengedwe, EPA, linalamula kuti nayitrojeni wolowa m'madzimo atsike ndi 25 peresenti, fosiforasi ndi 24 peresenti. Nanga ndalama zipite kuti?

Kumalo oyeretsera suweji zotsatira zake sizibisika, poti mumayeza pakamwa pa paipi. Madzi amayamba alowa m'thanki yopoperamo mpweya, momwe amoniya wa m'suweji amasanduka nayitireti (zonsezi ndi mitundu ya nayitrojeni). Kenako amapita m'thanki yopanda mpweya, momwe mabakiteriya odyetsedwa mankhwala otchedwa methanol amasandutsa nayitiretiyo kukhala mpweya wongouluka. Boma la Maryland, dera la m'mphepete mwa Chesapeake Bay, linakhazikitsa thumba lolipirira ntchitoyi mu 2004, cholinga n'kufika pa mamiligalamu 3 a nayitrojeni pa lita. Kukazizira mabakiteriya amachita ulesi, ndipo mtengo wake ndi woboola m'thumba. Komanso malo akuluakulu ambiri anakonzedwa kale, kotero uku kwatsala zochepa zofinya.

Chimtolo chatsala kuminda. Mlimi akakolola chimanga amafesa rye (mbewu yofanana ndi tirigu), tirigu kapena barele kuti mizu imwe nayitireti wotsalira asanatsikire pansi. Nkhani yagona pa tsiku lofesa. Rye wa mu Seputembala amazika mizu chisanu chisanafike, pomwe wa mu Novembala amangophuka pang'ono pamwamba, nayitireti atadutsa kale. Ndi njira yotchipa, koma yobwereza chaka ndi chaka.

Mitengo ya m'mbali mwa mtsinje, mzere wa mamita 11 kapena kuposa, mumabzala kamodzi, bola ng'ombe muzitchingire ndi mpanda. Koma ngati madzi a m'munda akutuluka kudzera m'ngalande kapena m'mapaipi okwiriridwa, amailambalala mizu ija, mitengo n'kukhala yokongoletsa chabe. Njira ziwiri zakumundazi zimafuna kudekha: madzi apansi pa nthaka amatha zaka 10 kapena kuposa asanatulukire mumtsinje.

Ma oyisitara, nkhono za m'nyanja zomwe zimasefa madzi podya ndere, amatchuka kuposa ntchito yawo. Mmodzi wamkulu angasefe madzi okwana malita pafupifupi 190 patsiku, koma pokhapokha madzi atafunda bwino ndipo mchere uli wokwanira. Amathandiza m'timitsinje ta m'mphepete. Sangathane ndi zomwe umabweretsa mtsinje wa Susquehanna, womwe umathira pafupifupi theka la madzi opanda mchere olowa mu Chesapeake Bay, utadutsa m'minda ya ku Pennsylvania.