Kagalasi kopana pa foni: kamathandiza kuzindikira nyongolotsi za m'thanki ya madzi amchere?

Kuno ku Kasungu osunga makorali (zamoyo za m'nyanja yamchere zooneka ngati miyala kapena maluwa) m'thanki ndi owerengeka, ndipo kachilombo kachilendo kakatuluka m'mwala wa m'thankimo palibe katswiri wapafupi womufunsa. Chotsala n'kujambula bwino. N'chifukwa chake tikuunika kagalasi kokulitsa zinthu, ka macro, kogulitsidwa m'mashopu a zipangizo za foni.

Kofooka kake tinene poyamba: kamaona bwino pa masentimita awiri kapena atatu basi. Mukajambula muli kunja kwa thanki, chilombo chili mkati pamwala, mupeza chithunzi cha mbuu. Chiyamweni ndi sirinji yaikulu yopanda singano, muchiike m'sosa yoyera yokhala ndi madzi a m'thanki momwemo, osati a pampopi, chifukwa madzi opanda mchere amachipha n'kusintha maonekedwe ake. Tochi iwunike cham'mbali. Zambiri zimatuluka usiku, choncho zisakeni ndi kuwala kofiira, komwe sikuzithawitsa msanga.

Mukatero kagalasika kamagwira ntchito. Yang'anani kaye ngati thupi lili ndi timagawo ngati bongololo. Timagawo pamodzi ndi ubweya woyera m'mbali ndiye bristle worm, yomwe imadya zakudya zotsala ndi zakufa. Isiyeni. Ikachuluka kwambiri, mukudyetsa nsomba mopitirira. Musaigwire ndi manja: ubweyawo umathyokera pakhungu n'kumawotcha, ndipo umachoka ndi selotepi kapena poviika chala mu viniga. Mbale wake Hermodice carunculata, wa timaluwa tofiira m'mbali mwa ubweyawo, amadya makorali. Apa ndi pamene kagalasika kamabweza ndalama zanu, poti ndi maso okha awiriwa amasokoneza.

Nyongolotsi yopanda timagawo, yobwerera m'dzenje ngati sokosi ikutembenuzidwa, ndi peanut worm, yosavuta. Timaulusi tokwawa pamchenga ndi manja a spaghetti worm, nayonso n'njabwino. Kachubu kolimba kotulutsa ukonde wa mamina si nyongolotsi ayi, ndi nkhono ya vermetid; ukondewo umasautsa makorali, ndiye phwanyani kachubuko kuyambira patsinde. Mukaona mutu wa tinyanga tisanu ndi zibwano, imeneyo ndi Eunice, ndipo mwala umene yabisalamo uyenera kutuluka m'thanki.

Tofiira ngati dzimbiri, taphwatalala, ta mamilimita ochepa, ndi ma flatworm. Tikafa tambiri nthawi imodzi timatulutsa poizoni wopha nsomba. Yambani mwatiyamwa ndi kapaipi, mukonzeretu madzi amchere osinthira ndi kaboni (makala osefera madzi), mankhwala abwere pambuyo.

Pogula kagalasika, kayeseni mushopu momwemo pa ndalama yachitsulo. Tina ndi tapulasitiki, timakandika msanga ndipo m'mphepete mwa chithunzi simuoneka bwino. Pa foni ya makamera angapo, kapanireni pa kamera yaikulu. Mukamaliza kapukuteni, chifukwa mchere umachititsa dzimbiri kasipuling'i ka chopaniracho.