Thabwa la mlombwa pamwamba pa kabati ya pakati pa khitchini

Akalipentala amene anatipangira thabwa la pamwamba pa kabati yoima pakati pa khitchini yathu ali m'dera la mafakitale la Wynberg, pafupi ndi Alexandra mu mzinda wa Johannesburg muno mu South Africa, ndipo ndikuwayamikira makamaka pa chinthu chimene ogulitsa ambiri sachitchula n'komwe, chomwe ndi kaumidwe ka thabwa. Mzinda wa Johannesburg uli pamalo okwera mamita pafupifupi 1,750, ndipo kuyambira May mpaka August mpweya umauma kwambiri, pamene mvula ya October mpaka March imabweretsa chinyontho. Thabwa limafufuma ndi kunyala motsatira nyengo zimenezi, kotero kuti limene laumitsidwa kugombe, monga ku Durban, likafika kuno limapitirizabe kuuma mpaka kung'aluka kapena kupindika. Mmisiri wamkulu wa pamalopa anayeza chinyontho cha thabwa lililonse ndi kachipangizo kake ife tikuona, ndipo limene silinamukhutiritse analiika padera.

Anationetsa mitundu itatu. Saligna, amene ndi bulugamu wolimidwa ku Mpumalanga ndi KwaZulu-Natal, ndiye wotsika mtengo, koma amasuntha kwambiri nyengo ikasintha. Oak amachokera kunja ndipo ndi wolimba, komabe ali ndi khalidwe limene mwini khitchini ayenera kulidziwa asanakopeke: chitsulo chonyowa chikakhalitsa pamwamba pake chimasiya banga lakuda, chifukwa cha mankhwala achilengedwe a m'thabwamo. M'nyumba imene mipeni ndi miphika yachitsulo imaikidwa paliponse, ine sindingamusankhe.

Wachitatu ndi kiaat, yemwe kwathu ndi mlombwa, ndipo ndiye tinatenga. Amene anakulira pafupi ndi akalipentala a ku Malawi amadziwa chifukwa chake zitseko ndi mipando ya mlombwa zimafika kwa adzukulu: sunyala kwambiri pouma, supindika wamba, ndiponso chiswe sichiukonda. Mtundu wake wofiirira, wokhala ndi mizere yowala apo ndi apo, umaoneka bwino pamalo otakata ngati kabati ya pakati, imene munthu amaiona mbali zonse. Koma mtengowu ndi wotetezedwa ndi lamulo la nkhalango muno mu South Africa, ndipo kuyambira 2023 malonda ake pakati pa mayiko amafuna chilolezo cha pangano la CITES, loteteza zomera ndi nyama zimene zingathe kutha chifukwa cha malonda. Nditafunsa za kumene matabwawo anachokera, anandionetsa zikalata mosanyinyirika, zimene zinandipatsa chikhulupiriro kuposa mawu onse okometsera malonda.

Ntchito yeniyeniyo ndi yaukhondo. Thabwalo ndi lochindikala mamilimita 40, lopangidwa ndi timatabwa tatitali tomatidwa m'mbali, ndipo polumikizira sipamveka ngakhale mutayendetsapo chikhatho. Analipaka mafuta pamwamba ndi pansi pomwe, kuti mbali imodzi isamamwe chinyontho kuposa inzake, ndipo analimangirira pa kabati ndi masikuluwu olowa m'mabowo ataliatali, opatsa thabwa mpata wosuntha pang'ono. Anatilangiza mafuta m'malo mwa vanishi, ndipo ndikugwirizana nawo, pakuti pamene pakandika mumangopala ndi sandipepa n'kupakanso, pomwe vanishi akasweka amafuna kupala thabwa lonse. Mafutawo amafunika kubwereza madzi akayamba kulowa m'malo moima timadontho. Anatichenjezanso kuti sinki ikhale kwina, ndi kuti mphika wa nsima wongochoka pamoto usatsamire pathabwa popanda choyalapo, chifukwa chipsera chake sichichoka ndi nsalu.

Pa kasungidwe ka nthawi ndiye pali dandaulo. Tsiku lobweretsa katundu linasinthidwa popanda kutiuza, mauthenga a pa WhatsApp ankayankhidwa mochedwa titalipira kale ndalama yachikole, ndipo mtengo wa galimoto yonyamulira sunalembedwe pa pepala loyamba la mitengo, unangotulukira kumapeto. Mlombwawo ndi wokwera mtengo kwambiri kuposa saligna, choncho munthu amene walipira ndalama zoterozo sayenera kuchita kupempha kuti ayankhidwe. Amene akupita kumeneko auze eni malo kuti alembe pa pepala limodzi tsiku lobweretsa, mtengo wonyamulira ndi wa kumangirira, asanapereke ndalama iliyonse.